Anthu amene ankakatunga nyengo: zolemba za pa ulendo

Lachiwiri, Kew

Ndafika, abale. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino kuno ku England, wandisiya pakhomo la National Archives ku Kew m'mawa uno atandipatsa mapensulo awiri. "Ababa, bolopeni salola m'katimo. Ndipo nthawi ya nkhomaliro ikakwana mutuluke mukadye." Lolemba nyumbayi imakhala yotseka, n'chifukwa chake ulendo wayamba lero.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti unyamata wanga unathera pa siteshoni yoyeza nyengo kumwera kwathu kuja. Maola atatu alionse, kaya ndi pakati pa usiku kaya chiperoni chavuta, ndinkanyamula tochi kupita pa kabokosi koyera kaja kukawerenga ma thermometer awiri, ina youma ina yokulungidwa kansalu konyowa. Ndikachoka apo ndinkawerenga barometer, kenako n'kukweza maso kuona kuti mitambo yadya zigawo zingati mwa zigawo 8 za thambo. Zonsezo zinkasanduka manambala, asanuasanu pagulu, n'kutumizidwa pa wailesi. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi, yemwe anakaiphunzira kuno, ndiye anandiuza tsiku lina kuti pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kunali anyamata ogwira ntchito yomweyi ali m'ndege, usiku, pakati pa nyanja ya Atlantic. Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zoposa 40. Tsopano ndabwera kudzawafuna anyamatawo.

Chimene chinawatumiza kumeneko n'chosavuta kumva. Nyengo ya ku Britain imachokera kumadzulo, kunyanja. Nkhondo isanayambe, sitima zamalonda zinkatumiza malipoti a mphepo ndi mpweya zili pakati pa nyanja. Itangoyamba mu 1939, sitima zonse zinatseka pakamwa, poti kulankhula pa wailesi kunali kudziitanira sitima za pansi pa madzi za Ajeremani. Mapu a olosera nyengo anangotsala mbee mbali yonse ya kumadzulo. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma mvula ndi namondwe zimaimba ndithu, bola pakhale munthu wokamvera kumene zikuchokera. RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain, inayamba kutuma ndege kukamvera, ndipo pofika kumapeto kwa 1943 timagulu tating'ono tinali titakula kukhala magulu athunthu: 517 Squadron kumwera chakumadzulo, 518 ku zilumba za Scotland, 519 ku Wick, 520 ku Gibraltar, 521 ku Norfolk. Njira iliyonse imene ndegezi zinkauluka inali ndi dzina lachinsinsi, monga Epicure, Bismuth, Mercer, Recipe, Nocturnal ndi Rhombus. Ajeremani nawonso anali ndi magulu awo otere, otchedwa Wekusta.

Mabuku a magulu akuluakulu ali m'chigawo cha AIR 27, ndipo anajambulidwa kale, ndiye umawawerenga pa kompyuta. A timagulu tating'ono ali mu AIR 29. Amenewo umaitanitsa n'kudikira mpaka afike pa kabati ka nambala ya mpando wako. Ine ndayamba ndi 518 Squadron. Pepala limene amalitcha Form 541 ndi logawidwa m'mizere yotsika: tsiku, nambala ya ndege, mayina a anthu, ntchito, nthawi yonyamuka, nthawi yotera, ndi kampata kolembamo zimene zinachitika. Ndinkayembekezera nkhani. Ndapeza kaundula wofanana ndi amene ndinkalemba ine, mzere pansi pa mzere, lero ngati dzulo. Munthu wosaidziwa ntchitoyi angawodzere nalo. Koma ukawerengera kuchokera pa nthawi yonyamuka kufika pa nthawi yotera umapeza maola 9, maola 10, nthawi zina kuposa apo, m'mwezi wa Januwale, pamwamba pa madzi amene munthu akagweramo satenga nthawi. Ndipo apa ndi apo, mpata wa nthawi yotera ulibe nambala. Nditafika pa woyamba ndinaika pensulo pansi, n'kungokhala duu.

Lachitatu, Kew ndi Runnymede

Lero linali tsiku la mamendulo, ndipo ndiyambe ndi kuwasiyanitsa poti nkhani yagona pamenepo. Mu Juni 1918 mfumu George V inakhazikitsa mamendulo anayi a anthu a ndege. Distinguished Flying Cross (DFC), ya kansalu ka mizere yoyera ndi yapepo, inali ya maofesala amene aonetsa kulimba mtima pomenyana ndi adani. Masajeni ndi ena apansi ankalandira Distinguished Flying Medal (DFM) pa kulimba mtima komweko. Air Force Cross, ya mizere yoyera ndi yofiira, pamodzi ndi inzake Air Force Medal, zinali za kulimba mtima m'ndege koma osati pamaso pa mdani. Kusiyanitsa ofesala ndi sajeni kunatha mu 1993, ndipo zinachita bwino kutha. Anthu awiri, ndege imodzi, ngozi imodzi, n'kulandira zosiyana chifukwa cha zimene zasokedwa pa mkono wa malaya, sizinali zoona.

Tsono funso limene lakhala likundivuta tsiku lonse ndi ili: munthu amene akulimbana ndi madzi oundana pa mapiko, ndege ikulemera n'kumatsika yokha, kodi ali pamaso pa mdani kapena ayi? Lamuloli linalembedwa ndi anthu amene m'mutu mwawo munali mfuti. Wogwetsa ndege ya mdani ali ndi tsiku lake ndi ola lake, ndipo mkulu wake amapeza cholemba. Nanga amene wapita ulendo womwewo kambirimbiri, n'kubwera ndi manambala olondola ulendo uliwonse, umulembera tsiku liti?

Kufufuza kwake n'kofuna kudekha. Mendulo iliyonse inkalengezedwa mu London Gazette, nyuzipepala ya boma, koma kawirikawiri mumangolembedwa dzina, nambala ndi gulu basi. Chifukwa chimene munthuyo analandirira chili m'makalata amene akuluakulu ake ankalemba pomupempherera ulemuwo, ndipo amene anatsala ali balalabalala m'mafayilo a AIR 2. Njira imene yandithandiza ndi yobwerera m'mbuyo: kutenga dzina mu Gazette, kubwerera nalo ku Form 541, n'kuwerenga maulendo ake limodzilimodzi. Pamenepo mendulo imayamba kulankhula.

Anzanga enieni pa ntchito, owerenga zida aja, ambiri anali akalaliki a Met Office, nthambi ya boma ya zanyengo, amene anadzipereka okha, n'kuvekedwa yunifolomu. Baji yawoyawo, phiko limodzi ndi chilembo cha M, inavomerezedwa mu 1945, nkhondo ikupita kumapeto.

Masana ndakwera sitima kupita ku Runnymede. Pa phiri la Cooper's Hill, moyang'ana mtsinje wa Thames, pali chikumbutso chimene mfumukazi Elizabeth II inatsegulira mu 1953. Pamakoma ake pali mayina oposa 20,000 a amuna ndi akazi a magulu a ndege amene alibe manda odziwika. Sanawaike m'magulu awo. Anawandandalika motsata chaka ndi udindo, ndiye woyeza nyengo ali pakati pa oponya mabomba ndi osaka sitima, palibe chomusiyanitsa. Ndinatenga kapepala ka mayina amene ndinakopera dzulo pa mizere yopanda nthawi yotera ija, n'kuyamba kuyenda khoma ndi khoma. Kuti ndiwapeze onse a ndege imodzi ndinazungulira bwalo, chifukwa woyendetsa ali uko ndi maofesala anzake, masajeni ali kuno. Ndege za ku Heathrow zinkangodutsa pamwamba, imodzi pambuyo pa inzake.

Lachinayi, Cambridgeshire

Mwana wanga watenga tchuthi cha masiku awiri kuti andiyendetse pa galimoto, ndipo mdzukulu wanga wa zaka 16 wabwera nawo poti sukulu atsekera. Dziko la kuno ndi lathyathyathya, minda yokhayokha, thambo lalikulu.

Ku Oakington bwalo la ndege kulibenso. Pamalopo akumangapo tauni yatsopano ya Northstowe, nyumba za njerwa zofanana, ana akupalasa njinga. Apa ndi pamene 1409 Flight inabadwira pa 1 Epulo 1943, itapatuka ku 521 Squadron n'kuperekedwa ku gulu la Pathfinder, lotsogolera ndege zoponya mabomba, la Don Bennett, Mwaustralia amene likulu lake linali ku Huntingdon. Mu Januwale 1944 inasamukira ku Wyton, kumene mpaka lero ndi malo a asilikali. Ife tangoima kunja kwa mpanda.

Anthu awa ntchito yawo inali yosiyana ndi ya a kunyanja. Ankauluka pa Mosquito, ndege ya matabwa ya injini ziwiri, anthu awiri okha, woyendetsa ndi wolondolera njira, popanda mfuti ngakhale imodzi. Chitetezo chawo chinali liwiro ndi kukwera pamwamba. Maulendo awo ankatchedwa Pampa. Ndege imodzi yokha inkalowa m'kati mwa Germany, nthawi zambiri dzuwa likuswa mtengo, kukaona kuti mitambo ili pati, yatalika bwanji, ikulowera kuti, kuti akuluakulu adziwe ngati ndege zoponya mabomba zinyamuke usiku umenewo. Anapita maulendo 1,364 n'kutaya ndege zitatu zokha.

Pali tsiku limodzi limene munthu aliyense wa zanyengo ayenera kulidziwa. Pa 30 Malichi 1944 Arthur Harris, mkulu wa Bomber Command, gulu la ndege zoponya mabomba, anakonza zokaphulitsa mzinda wa Nuremberg ku Germany. Kunali mwezi, koma olosera anali atanena kuti mwina kukhala mitambo yam'mwamba yobisa ndege popita. Mosquito ya 1409 inapita kukaona, n'kubwera ndi mawu akuti mitambo yobisayo n'kutheka kuti sikhalako, ndipo mzindawo ndi umene ungakhale wophimbika. Ulendo sunaimitsidwe. Zinanyamuka ndege 795, ndipo 95 sizinabwerere. Anafa anthu oposa 500 usiku umodzi, kutaya kwakukulu kuposa usiku wina uliwonse wa Bomber Command. Ndaima pa mpanda paja ndikuganiza za anthu awiri amene anabweretsa lipotilo, mmene anamvera m'mawa mwake. Ife a ntchito imeneyi timakudziwa kuwawa kwake. Iwe gawo lako ndi kunena zimene waona, kugamula ndi kwa ena.

Ndisabise mbali inayo. Lipoti lakuti kumwamba kwayera, limene kuno linali nkhani yabwino, kwa mayi wa mumzinda wa ku Germany linali moto pa denga. Ndimawalemekeza anyamatawa chifukwa cha kulimba mtima ndi kulondola kwa ntchito yawo, koma manambala awo ankapita kukagwira ntchito ya nkhondo, ndipo mtima wanga sulola kuiwala zimenezo.

Mamendulo ambiri a anthu a zanyengo amene ndakumana nawo pa ulendowu ndi a gulu limeneli, poti iwo ankauluka pamwamba pa dziko la mdani ndipo lamulo lija linkawaona. Maurice Briggs anayamba ngati wowombera mfuti m'ndege zoponya mabomba, n'kulandira DFM. Kenako anakaphunzira kuyendetsa ndege ku Canada, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo anali ndi DFC ndi DSO, mendulo ina yaikulu kuposa iyo. Mnzake wolondolera njira mu 1409, John Baker, analandira DFC kawiri. Mu Meyi 1945 awiriwa anatumidwa ku Canada kukaonetsa anthu Mosquito yotchuka ya F for Freddie, imene sinali ya gulu lawo koma inali itapita maulendo a nkhondo 213, kuti anthu agule mabondi othandizira boma. Pa 10 Meyi, patangopita masiku awiri nkhondo ya ku Ulaya itatha, akudutsa motsika kwambiri pa bwalo la ku Calgary, phiko linagunda zitsulo za pamwamba pa nsanja ya pabwalopo. Onse awiri anafera pomwepo, ndipo anaikidwa ku Calgary komweko. Nditawafotokozera m'galimoto, mwana wanga anangoti, "Ababa, nkhondo itatha kale?" Tinayenda mtunda wautali popanda wolankhula.

Lachisanu, Norfolk

Tadutsa ku Bircham Newton, Docking ndi Langham, mabwalo atatu amene 521 Squadron inakhalapo. Ku Bircham Newton nyumba zambiri za asilikali zikadalipo. Ku Langham kwatsala kanyumba kozungulira ka konkire, konga mphika wovundikira, kamene ankaphunzitsiramo owombera ndege.

Chimene chandikoka kuno ndi Gloster Gladiator, ndege yachikale ya mapiko awiri osanjikizana. Anzake ataisiya kalekale, anthu a zanyengo anapitiriza kuuluka nayo mpaka kumayambiriro kwa 1945. Ulendo wake unkatchedwa Thum. Munthu mmodzi ankakwera molunjika pamwamba pa bwalo lake, n'kumaima pa msinkhu uliwonse kuwerenga thermometer yomangirira pa chitsulo cha phiko, kulemba pa kapepala ka pabondo, n'kukweranso. Kukwera sikunali vuto. Vuto linali kutsika n'kupeza kuti chifunga chatseka bwalo, pansi sipakuoneka.

Mwambo wosaphonya tsiku unayamba nkhondo isanabwere. Jeffrey Quill, amene pambuyo pake anatchuka poyesa ndege za Spitfire, anali mu kagulu ka zanyengo ku Duxford. Ankakwera kawiri pa tsiku pa ndege ya Siskin yopanda denga, kufika mamita pafupifupi 7,600, kuwirikiza kawiri ndi theka kutalika kwa Sapitwa. Kuyambira mu Novembala 1934 kaguluko kanatha chaka chathunthu osaphonya ulendo ndi umodzi womwe, ndipo Quill analandira Air Force Cross. Imeneyo ndi mendulo imene ndimaimvetsa kuposa zonse.

Madzulo taima pa manda a tchalitchi cha ku Great Bircham. Asilikali a ndege a Britain ndi mayiko a Commonwealth agona pamenepo, ndipo pambali pawo pali Ajeremani.

Loweruka, panjira

Tsiku lonse m'sitima, ine ndi mdzukulu. London mpaka Glasgow maola anayi ndi theka, kenako maola atatu kudzera m'mbali mwa Loch Lomond ndi ku Crianlarich mpaka Oban. Kuyambira masana ndakhala ndikuona timitambo topyapyala tam'mwamba tikuchokera kumadzulo n'kumakhuthala, dzuwa litazunguliridwa ndi mkombero. Ndamuuza mnyamata kuti mawa kuli mphepo.

Lamulungu, Oban

Sitima ya ku Tiree sinanyamuke. Tinadzuka kukadali mdima, n'kukapeza chikwangwani padoko kuti ulendo walephereka chifukwa cha mphepo. Palibe amene wadandaula. Anthu a kuno ali ngati a kunyanja kwathu, amene mwera ukauka amangokokera bwato pamtunda n'kudikira.

Takhala pa zenera la nyumba yogona alendo, mvula ikumenya galasi cham'mbali, ndipo ndamusimbira mdzukulu za sabata yoyamba ya Juni 1944. Asilikali anali atakonzeka kuwoloka kupita ku Normandy, m'dziko la France, pa 5 Juni. Munthu woti auze Eisenhower, mkulu wa asilikali onsewo, za nyengo anali James Stagg, wa kuno ku Scotland, ndipo ankayenera kugwirizanitsa magulu atatu a olosera amene sankamvana: a Met Office ku Dunstable, a asilikali a pamadzi, ndi a ku America. Barometer inayamba kutsika kumadzulo. Ku Blacksod, kugombe la kumadzulo kwa Ireland, mtsikana wa zaka 21, Maureen Flavin, anawerenga kutsikako usiku wa pa 3 Juni osadziwa kuti nambala yake ikupita kwa yani. Kuwoloka kunaimitsidwa. Kenako madzulo a pa 4 Juni, mvula ikukhuthuka kunja kwa Southwick House kumene ankakumana, Stagg anauza akuluakulu a nkhondo kuti kuseri kwa namondweyo kukubwera kampata ka nyengo yabwinoko, kokwanira kuwoloka pa 6 Juni. Kampatako kanali kakadali kutali pa Atlantic. Anakaona bwanji? Kudzera m'malipoti ochepa a sitima zankhondo ndi a ndege zoyeza nyengo, kuphatikizapo za ku Tiree, zimene zinkalowa m'namondwe yemweyo masiku amenewo. Ajeremani analibe maso okwanira kumadzulo, ndipo Rommel, mkulu wawo wa asilikali olondera gombelo, anapita kwawo kukakondwerera tsiku lobadwa la mkazi wake.

Dzina la Stagg limadziwika, ndipo n'zoyenera. Koma wolosera ali ngati wophika, amaphika ndi madzi amene wina wakatunga. Anthu amene ndikuwafuna ine ndi okatungawo, amene ankadzuka usiku kupita kuchitsime cha makilomita 1,000.

Usiku uno tamvera kulosera kwa nyengo ya panyanja pa BBC Radio 4. Malin, Hebrides, zigawo za nyanja ya kuno. Mphepo ikuchepa.

Lolemba, Tiree

Tawoloka. Pafupifupi maola anayi, kudutsa pakati pa chilumba cha Mull ndi kumtunda, kuima pang'ono ku Coll, kenako nyanja yeniyeni, mafunde a dzulo asanagone bwino. Tiree amaoneka mochedwa chifukwa ndi wotsika kwambiri, nyumba zimayamba kuoneka nthaka isanaoneke, ngati zayandama pamadzi. Chilumbachi ndi cha makilomita pafupifupi 19 m'litali, anthu ake ndi mazana ochepa chabe, mitengo kulibe, mchenga woyera mbuu, ndipo mphepo siipuma.

Bwalo la ndege la lero ndi lomwe lija la nkhondo, pa chidikha chotchedwa The Reef. 518 Squadron inakhazikitsidwa ku Stornoway mu Julayi 1943, n'kufika kuno mu Seputembala chaka chomwecho ndi ndege za Halifax, za injini zinayi. Ku Scarinish kuli kanyumba kosungira mbiri ya chilumbachi, An Iodhlann, ndipo ndathera masana onse pa zithunzi ndi mapepala a nthawi imeneyo. Mawu a pa baji ya gululi sanalembedwe m'Chingerezi kapena m'Chilatini monga ambiri, koma m'Chigaeliki, chilankhulo cha eni chilumba. Tanthauzo lake ndi lakuti kiyi ali ndi ife.

Ulendo wa Bismuth unkayenda motere. Anthu 8 m'ndege. Kunyamuka kulowera kumadzulo makilomita pafupifupi 1,000, akuuluka motsika pamene barometer ikuwerenga ma millibar 950, kutanthauza mamita pafupifupi 500 kuchokera pamadzi, m'kati mwenimweni mwa mvula ndi mabampu a mphepo. Makilomita 90 alionse woyeza nyengo, atakhala kumphuno kwa ndege, ankawerenga zida zake zonse. Pakapita kanthawi ankatsika mpaka pafupi kukhudza mafunde, ngakhale mu mdima, kuti apeze mphamvu ya mpweya pamwamba pa madzi. Akafika kumapeto kwa mzere ankakwera pang'onopang'ono, akuima pa msinkhu uliwonse, mpaka ma millibar 500, mamita ngati 5,500, kumene madzi amaundana pa mapiko ndi pa injini. Kenako ankakhotera chakumpoto, mbali ya ku Iceland, n'kutsikanso, n'kubwerera kwawo motsika. Ndege zina zonse zinkazemba nyengo yoipa. Izi zinkaifunafuna, poti kumene kwaipa ndi kumene olosera akufuna manambala. M'chaka chonse cha 1944 gululi linauluka tsiku lililonse kupatula masiku awiri.

"Agogo, ndiye kuti ankapita mtunda wonsewo kukangowerenga thermometer basi?"

Sindinamuyankhe pomwepo. Madzulo tinapita kugombe la Crossapol, kumunsi kwa bwalo, ndipo ndinamupatsa kabuku kanga ndi pensulo. "Vula magolovesi, bambo. Lemba manambala amene ndikutchule, asanuasanu, osalakwitsa ndi imodzi yomwe." Mphepo inkakupiza pepala, zala zake zinafiira, ndipo pa gulu lachinayi pensulo inkamupulumuka. Ndinamuuza kuti aonjezerepo usiku, ndege ikugwedezeka ngati lole pa msewu wa mabampu, maola 10, ndipo akamaliza asandutse zonse kukhala mawu achinsinsi apatse wa wailesi, chifukwa ku Dunstable kuli munthu wagwira cholembera akudikira. Nambala imodzi yolakwika ikhotetsa mzere pa mapu, ndipo mzere wokhota utumiza anthu mazana kolakwika. Anandibwezera kabuku, n'kupisa manja m'thumba. "Ndamva, agogo."

Pa 16 Ogasiti 1944 ma Halifax awiri a gululi anawombana m'mitambo pamwamba pa chilumba chomwechi, masana. Anthu onse 16 anafa. Mmodzi mwa iwo anali Leonard Revilliod, mdzukulu wa Tomáš Masaryk, pulezidenti woyamba wa Czechoslovakia, mwana wa mwana wake wamkazi Olga.

Lachiwiri, Soroby

M'mawa uno tabwereka njinga n'kupalasa kupita ku manda a Soroby, pafupi ndi mudzi wa Balemartine. Ndi manda akalekale a eni chilumba, ozunguliridwa ndi mpanda wa miyala, nyanja ili pomwepo. Pakati pa miyala yakuda ndi ndere ya mabanja a kuno pali miyala yoyera, yofanana msinkhu, ya asilikali a nkhondo ija, ena mwa iwo a ndege. Pamwala wotere, ngati munthu analandira mendulo, zilembo zake zimalembedwa pambuyo pa dzina. Ndayenda mwala ndi mwala ndikuwerenga. Chimene chinkandigwira si zilembo ayi, koma zaka zawo. Ambiri anali anyamata ongopitirira pang'ono msinkhu wa uyu amene wandigwirira njinga pa geti.

Pa Lachitatu ndinabwera ndi funso la mamendulo, ndipo ndikuchoka nalo lisanathe. Maganizo anga ndi akuti a Pampa analandira zowayenera, koma a kunyanja anaperewedwa, chifukwa kulimba mtima kobwereza tsiku ndi tsiku kulibe tsiku loti ulembe pa kalata. Ndikabwerera ku Kew ndikapitiriza ndi mafayilo a AIR 2, ndipo 517 ndi 519 sindinawatsegule n'komwe.

Tisanachoke ndinayang'ana wotchi. Inali 10 koloko ya kuno, imene ndi 9 koloko pa nthawi ya Greenwich, ola lowerenga zida. Ndinavula chipewa, n'kutulutsa kabuku. Mphepo yochokera kumwera chakumadzulo, yamphamvu pang'ono, yokwanira kugoneka udzu. Mitambo zigawo 6 mwa 8, yotsika, ya mabulangete. Maso akufika kutali, moti phiri la Ben Hynish ndi chimpira chake choyera cha radar zikuoneka bwinobwino. Mvula kulibe, koma kumadzulo kwada pang'ono. Mdzukulu anabwera kudzasuzumira paphewa panga, n'kufunsa kuti mitambo ya mtundu umenewo nambala yake ndi chiyani. Ndinamuuza kuti 5, n'kumupatsa pensulo kuti alembe yekha.

Sitima yobwerera ku Oban ndi mawa, mphepo ikalola.